Mpando wa Thokozire

Galimoto inalowa pageti Lachinayi madzulo, dzuwa likadali pamwamba pa malata. Inali kasienta kotuwa ka a Grain, okonza mafiriji pafupi ndi msika, ndipo woyendetsa anali Pemphani. Kuno ku Area 23 galimoto ikalowa pakhomo pomwe sipalowa galimoto, anthufe sitiugwira mtima. Wina anabwera kudzapempha mchere. Wina anabwera kudzafunsa ngati madzi akutuluka, chikhalirecho mipopi ya mzere wonsewo inali itauma sabata yathunthu. Aliyense amalankhula ndi Pemphani maso ali pagalimoto. Zoona zake ulendowo timaudziwa kale, timangofuna kuona ndi maso kuti munthuyo watsimikizadi.

Pemphani amagwira ntchito mushedi ina ya fodya ku Kanengo, yoyendetsa kagalimoto konyamula mabelo. Munthu wofatsa, wachibwibwi. Pocheza wamba chibwibwicho sichimveka kwenikweni, koma mtima ukamuthamanga liwu limamukanirira pakhosi mpaka womvera kuyang'ana kumbali. Iye ndi mkazi wake Zipora anali ndi mwana mmodzi yekha, Thokozire, wa zaka khumi ndi chimodzi.

Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Okutobala, ana a kwaya ya kutchalitchi anapita kokayenda kunyanja, kutali uko kupitirira Dwangwa, pamalo pomwe mphepo inaunjika mchenga mpaka kupanga zitunda zazitali kuposa nyumba. Ana amakwera pamwamba n'kumatsetsereka mpaka m'madzi. Thokozire anakwera ndi anzake. Anzake anatsika, iye sanatsike. Anamufuna masiku asanu, m'madzi ndi mumchenga momwe, kenaka akuluakulu anati basi. Kumudzi ku Dowa anakwirira thunthu la nthochi m'kabokosi, monga amachitira mtembo ukapanda kupezeka. Anthu anaimba, anadya, nabalalika.

Zipora kumaliro kuja sanabwereko. Thupi linabwera, mwini wake ayi. Anasiya kugulitsa tomato, n'kumangokhala pakhonde kuyambira m'mawa. Chakudya amangochigwiragwira. Chitenje chomwe kale chimamuzungulira kamodzi ndi theka chinayamba kumuzungulira kawiri. Kuchipatala anamuyeza zonse napeza kuti alibe matenda. Abusa anabwera, amayi a mvano anabwera. Kawiri konse Pemphani anadzuka mbandakucha n'kupeza mkazi palibe. Ulendo woyamba anamupeza pasiteji ya minibasi, wachiwiri pamlatho wa ku Kawale, ali chiimire, alibe nsapato. Atamufunsa anangoti mwana akuzizidwa. Pemphani anadziwa kuti akapanda kuchitapo kanthu aika maliro achiwiri mvula isanagwe, ndipo amenewo sakhala a nthochi.

Nzeru inachokera kwa azakhali ake, a Felesita, ogulitsa kaunjika ku Chilinde, mayi wosadziwa kuzungulira polankhula. Iwowa ndi a mvano ndithu, yunifolomu yawo yoyera mbee, koma za makolo sanataye, amangozisunga pansi pa sutikesi. Anati mwana anasiyidwa kuthengo, ndipo m'thunthu la nthochi mulibe munthu. Akatengedwe komwe anatsalira, abwere naye kwawo. Apo ayi azingoitana amayi ake mpaka amayiwo adzapita.

Kachitidwe kake anafotokoza ali mkati mosankha malaya, ngati akulozera munthu njira ya kuchigayo. Akafika pamchengapo, bambo wa mwana atape mchenga wodzaza dzanja, aumange m'kansalu koyera, auike pampando wa kutsogolo. Atsegule chitseko, amutchule mwanayo dzina, adzitchule yekha, amuuze kuti akwere. Pobwerera asacheuke, asalankhule ndi wina aliyense, koma mtsinje uliwonse akawoloka amuuze mwanayo dzina lake, poti akufa sawoloka madzi osauzidwa. Akafika pamanda amuuze kuti atsike.

"Ndipo mawuwo atuluke bwinobwino, kamodzi," anatero a Felesita. "Osati zako zija za a-a-a. Ukadula pakati, mwana atsalira pamlatho."

Ananena akuseka, poti ndi momwe akhala akumunyogodolera kuyambira ali mwana. Pemphani sanaseke. Mawu amenewo anapita nawo kunyumba, anagona nawo, anadzuka nawo.

Ulendowo anaukonza masabata atatu. Anapempha tchuthi kuntchito. Anachonderera a Grain, omwe galimoto yawo sabwereketsa ngakhale kwa m'bale wa bere limodzi, ndipo a Grain atamva chifukwa chake anangotulutsa kiyi osafunsanso china. Anakapeza tayala la sipeya ku Biwi, jeke kwa mnzake wa ku Kawale, zigubu ziwiri za madzi. Mafuta ndiye anali atasowa mumzinda monse. Lachinayi lomwelo, atangoionetsa galimotoyo pakhomo, anapita nayo pamzere wa kufiling'i siteshoni, nachezera komweko akukangana ndi a kabaza olowerera, mpaka anathiridwa Lachisanu masana. Anabwerera maso ali psuu.

Njira anaifunsa kwa dalaivala wina wa lole yemwe amayenda msewu wa kunyanja sabata ndi sabata. Uyo anamuuza pomwe pali zitunda zoti atsike pang'onopang'ono kupitirira Chezi, pokhotera pa Kaphatenga, ndi pomwe msewu unakumbika moti galimoto yaing'ono imakwechesa mimba. Pemphani anapempha makamaka mayina a mitsinje. Anawalemba kuseri kwa chikatoni cha sopo, m'mene dalaivalayo amawatchulira, kuyambira pakhomo kupita kunyanja: Lilongwe, Lingadzi, Lumbadzi, Chirua, Chia, Kaombe, Bua, Dwangwa, ndi timitsinje tina tapakatipakati. Anagwirizana zonyamuka Loweruka folo koloko m'mawa, kudzera ku Chilinde kukatenga azakhali, kufika pamchenga masana, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Lachisanu madzulo Zipora anadya. Osati zambiri, koma anadya, ndipo anatsuka yekha mbale. Anasita diresi lake la buluu lomwe anali asanalikhudze chaka chonse. Pemphani anaona zimenezi mtima wake n'kuyamba kuthamanga, poti chiyembekezo chimaopsa munthu amene anachizolowera kuchisowa. Ulendo uwu ukalephereka, china choyesa panalibe. Ndipo chomwe chikanaulepheretsa sichinali tayala kapena mafuta. Chinali pakamwa pake.

Magetsi anazima cha m'ma eyiti. Zipora anakagona. Pemphani anakhala pabalaza ndi kandulo, akuyesa mawu aja chamumtima. Chamumtima amatuluka bwino, nanga mumtima muli chibwibwi? Anadziwa kuti vuto lidzabwera akadzatsegula pakamwa, mkazi ali kumbuyo, azakhali akumuyang'ana. Pemphani anabadwira ku Kawale, anakulira m'tauni, ndipo m'tauni chilichonse chachikulu timayeserera. Ukwati timayeserera, kwaya imayeserera, ngakhale ana a nazale amayeserera kulandira pepala. Anatenga chikatoni chija ndi tochi ya foni, natuluka.

Kunja kunali mdima wa ndiweyani. Kutali kumamveka jenereta ya pabala ina, kenaka nayonso inazima. Galimoto anali ataiimika molozetsa kugeti, kuti m'mawa asavutike ndi kubwerera chambuyo.

Anafuna kuchita zonse monga adzachitire. Anazungulira mbali ya kumanzere, natsegula chitseko cha kutsogolo. Anapumira m'mwamba. Ananena motsitsa, koma ndi mawu omveka.

"Thokozire mwana wanga, ndine bambo ako, Pemphani. Ndabwera kudzakutenga. Kwera, tizipita."

Mawu anatuluka osalala, opanda popunthwa ngakhale pamodzi. Iye mwini anadabwa. Anadikira pang'ono monga azakhali ananenera, natseka chitsekocho mofatsa. Anazungulira n'kukakhala pachiwongolero. Anapotoza kiyi pang'ono, osaliza injini, kungoti tinyali ta padeshibodi tiyake aone bwino chikatoni. Anayamba kuwerenga kuchokera pamwamba.

"Thokozire, tawoloka Lilongwe."

Zinayenda. Anadikira ngati akuyendetsadi, manja pachiwongolero.

"Thokozire, tawoloka Lingadzi."

Atatchula Lumbadzi anaona kanyali kofiira kakuphethira padeshibodi, chakumanzere. Kanyali kameneko amakadziwa. Kamayaka munthu akakhala pampando wa kutsogolo osamanga lamba. A Grain anali atamuuza kuti ngakhale thumba la ufa ukaliika pamenepo kamayaka. Pampandopo panalibe thumba. Panalibe kanthu, anali atapukutapo yekha masana.

Anadziuza kuti ndi mawaya. Galimoto zakalezi zili ndi misala yake. Anati angozimitsa n'kukagona, koma mawu a azakhali anamubwerera, akuti ukadula pakati mwana atsalira pamlatho. Anadziseka mumtima kuti mlatho wake uti, ali pakhomo pake pomwe, pafupi ndi chingwe choyanika zovala. Komabe pakamwa panapitiriza pokha.

"Thokozire, tawoloka Chirua."

M'galimotomo munayamba kuzizira. Mu Okutobala, mwezi womwe anthu timagona zitseko zili pululu. Kunabwera fungo la nsalu yonyowa imene yakhalitsa m'beseni. Pemphani sanatembenuze mutu. Amangoona ndi ngodya ya diso kuti galasi la kumanzere lachita nthunzi, pang'ono pokha, chapansipansi, pamsinkhu wa mwana wokhala pansi. Nthunziyo imakula, n'kuchepa, n'kukulanso.

"Tawoloka Chia."

Dzanja lake lamanzere linali pagiya. Anamva timiyala tating'ono pansi pa zala. Anatikita chala chachikulu ndi chamkombaphala. Unali mchenga, wosalala, wozizira.

Kaombe anatchula. Bua anatchula. Thukuta limatsika m'khosi koma lilime silinapunthwe, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa kuposa zonse, chifukwa moyo wake wonse anali asanalankhulepo chonchi ali ndi mantha. Kanyali kaja kamangophethira. Atatsala ndi mtsinje umodzi anamva lamba akusololoka pang'onopang'ono kuchokera pakhoma la galimoto, kenaka kachitsulo kake kanalowa m'malo mwake. Kanyali kanazima.

Thokozire ndi amene amakonda kukumbutsa anthu za lamba. Anaphunzira kusukulu, ndipo akakwera galimoto ya munthu amamanga asanauzidwe.

"Tawoloka Dwangwa," anatero Pemphani, ndipo chikatoni chinathera pomwepo.

Munali zii. Kenaka wina anafwenthera mamina m'kati, kamodzi, monga amachitira mwana amene walira nthawi yaitali n'kutopa.

Sakumbuka m'mene anatsikira. Amangokumbuka ali panja, kiyi ali m'manja, akudina batani lokhomera kawiri, katatu. Mawu omaliza aja, omuuza mwana kuti atsike, sanawanene. Akanati atsikire kuti? Atatembenuka anaona Zipora ataima pazenera la kuchipinda, katani atalikokera pambali, nkhope ili pakati pa zitsulo. Sanadziwe kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Atalowa anamupeza pabalaza, atanyamula bulangete laling'ono. Nkhope yake inali yowala. Chaka chonse Pemphani amapemphera kuti adzaionenso nkhope imeneyo, koma ataiona anachita mantha.

"Bambo a Thoko, mwamusiya yekha m'galimoto?"

Anayankha kuti mulibe munthu, amangoyeserera. Apa ndiye chibwibwi chinabwerera chonse, liwu lililonse kumachita kulikumba. Zipora anamudikira mpaka amalize, moleza mtima, ngati akumvera mwana wonama.

"Ndamumva akukwera," anatero. "Sunthani ndikamufunditse."

Pemphani anakhoma chitseko, naika kiyi wa nyumba ndi wa galimoto m'thumba la buluku. Anakhala pansi, msana atatsamira chitsekocho. Zipora sanalimbane naye. Anakhala pampando moyang'anana naye, bulangete lili pamiyendo, akulisalaza ndi dzanja.

Pemphani anaimbira azakhali. Foni inaitana mpaka kuduka, kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu anayankha ndi mawu a tulo. Anawafotokozera movutikira.

"Unayeserera," anatero a Felesita. "Iwe Pemphani, zimenezi amayeserera?"

Pemphani anati azakhaliwo sanamuuze kuti n'zoletsedwa. Iwo anati sanaganize kuti pali munthu wamkulu wofunika kuuzidwa zimenezo. Anafunsa kuti mitsinje anayambira uti. Atanena kuti Lilongwe, anawamva akukhala pansi, bedi likulira. Anati mitsinje imatchulidwa pobwera, kuyambira wa kutali kumalizira wa kwanu, kuti munthu adziwe njira yobwerera kwawo. Iye anaitana mwana pakhomo, n'kumuonetsa njira yochoka pakhomo kupita kumchenga. Ndipo mwana amene wafika pakhomo pa amayi ake sabwerera yekha.

Anamuuza kuti usiku umenewo sangapeze chokwera, abwera kukangocha. Asamulole Zipora kutuluka, zivute zitani. Ndipo asagone.

Kandulo inatha cha m'ma leveni. Anatsala ndi tochi ya foni, nayonso batire linali kumapeto, choncho anaizimitsa. Mumdimamo amamva mpweya wa mkazi wake, wodekha. Kenaka panja panayamba kugogoda. Sikunali pachitseko cha nyumba. Kunali pagalasi la galimoto, kugogoda kwa kachala kamodzi, kochokera m'kati. Katatu, n'kusiya. Katatu, n'kusiya.

"Akufuna kukodza," anatero Zipora. "Amachita manyazi kunena."

Pemphani anayamba kulira, mwakachetechete, poti zinali zoona, mwanayo amaterodi. Anamupempha mkaziyo kuti apirire mpaka kuche. Anamuuza kuti iye ndi yekhayo amene wamutsalira, kuti akapita iye ndiye kuti nyumba yatha. Zambiri mwa izi zinakanirira pakhosi, koma Zipora anamva. Anadzuka, nabwera kudzakhala pansi pambali pake, n'kutsamiritsa mutu paphewa lake. Anali wopepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Anati asadandaule, sapita kulikonse, angokhala pomwepo limodzi. Anayamba kung'ung'udza kanyimbo komwe amagonekera Thokozire ali wakhanda.

Munthu anali atachezera pamzere wa mafuta usiku wathunthu. Anadzitsina, analuma lilime, anawerenga kugogoda kuja mpaka kusokoneza. Timuweruze bwanji? Kanyimboko kanali kofewa, ndipo kanali koyamba m'chaka chonse kuti mkazi wake amutsamire.

Anadzidzimuka atambala akulira. Anali atagona chammbali pasimenti, mutu uli papilo, atafunditsidwa bwinobwino mpaka m'mapewa. Nsapato anali atavulidwa, zili pambali moyandikana. Chitseko chinali chotsegula.

Galimoto inali pomwe anaisiya. Kiyi wake anali m'thumba, koma chitseko cha kumanzere chinali pululu, lamba atamasulidwa. Pampando panali ponyowa, ndipo m'mphako za mpandowo munali mchenga woyera. Dothi la kuno ndi lofiira, aliyense akudziwa. Pabwalo, lomwe Zipora anasesa dzulo lake, panali mapazi ake opanda nsapato olunjika kugeti. Pambali pa mapaziwo panalibe mapazi ena, koma timilu ta mchenga woyera, tating'ono ngati mchere wothira m'ndiwo, motalikirana ngati mayendedwe a mwana. Diresi la buluu panalibe pomwe analikoleka.

Anathamanga mpaka pasiteji. Amayi ena okazinga mandasi, omwe amayatsa moto wawo usiku ukadalipo, anati anamuona akudutsa cha m'ma fili koloko. Anamupatsa moni ndipo anayankha bwinobwino, mosangalala, mpaka iwo anati kapena wachira. Dzanja limodzi anali atanyamula bulangete. Linalo linali lotsika pambali, zala zopindika, ndipo amayenda pang'onopang'ono ngati akudikira wina wa miyendo yaifupi. Minibasi nthawi imeneyo zinali zisanayambe. Pamlatho wa ku Kawale panalibe. Kudepoti anafunsa makondakitala onse a msewu wa ku Salima, palibe anamunyamula.

A Felesita anafika pa kabaza kukuyera. Anasuzumira m'galimoto, anaona mpando uja. Anakwera kumbuyo. Ananyamuka ulendo womwe Pemphani anaukonza masabata atatu, ndi tayala lake la sipeya, ndi zigubu zake za madzi, akuyenda pang'onopang'ono n'kumaima paliponse pomwe aona mkazi wa diresi la buluu. Akazi a madiresi a buluu ndi ambiri pakati pa Kanengo ndi Dwangwa. Mitsinje yonse anawoloka osatchula ngakhale umodzi.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, likuotcha moti mchenga sumapondeka. Zitunda zija zinali mbee, zopweteka m'maso. Amayi ena oyanika usipa pathandala anati inde, mayi wachilendo anamuona. Wowonda, diresi la buluu, bulangete m'manja. Anakwera chitunda chachikulu chija, akulankhula yekha, akuseka. Iwo anaganiza kuti ndi wa mapemphero, poti ambiri amabwera kudzapemphera kumeneko. Pemphani anafunsa nthawi. Anati kunali kutangocha, asodzi a usiku akukocheza kumene.

A Felesita anafunsanso kawiri, poti kuchoka ku Lilongwe fili koloko palibe galimoto yomwe ingafike kumeneko kukucha. Amayiwo anayang'anizana, nati iwo akunena zomwe anaona.

Pemphani anakwera chitundacho chokwawa, manja akupsa. Pamwamba panali mphepo yokhayokha. Mapazi ake omwe amafufutika iye akuona. Mbali inayo mchenga umatsetsereka mpaka m'madzi, wosalala, wopanda chizindikiro chilichonse. Anaitana. Dzina la Zipora linamukanirira pa chilembo choyamba, ndipo anakhala pamenepo akulimbana nalo mpaka azakhali anatuma anthu kukamutsitsa.

Anafuna masiku anayi. Apolisi analemba, asodzi anaponya makoka, anyamata a m'mudzimo anakumba m'munsi mwa chitunda mpaka mchenga unayamba kuwagumukira. Tsiku lobwerera a Felesita anatulutsa kansalu koyera kaja. Anati popeza afika kale, atape mchenga kawiri, awaitane onse awiri, apite nawo ku Dowa akapume. Pemphani anakana. Anati woitanidwa ndi mchenga ndi wakufa, ndipo mkazi wake palibe amene wamuona atafa. Azakhali anapinda kansaluko.

Galimoto anabweza kwa a Grain, ndipo a Grain anaigulitsa mwezi womwewo kwa munthu wa ku Mchinji, osamuuza kanthu. Kuno anthu amanena zosiyanasiyana. Ena amati Zipora mutu unali utasokonekera kale, anakwera lole ya usiku, ndipo tsiku lina adzapezeka pamsika wina akutola zotaya. Ena amati chomwe chinakwera m'galimoto muja sichinali Thokozire n'komwe, poti pamchenga paja anasowapo ambiri, ndipo ukatsegula chitseko usiku sudziwa amene ali pafupi. Amanena motsitsa mawu, pampopi, akaona kuti iye wadutsa.

Pemphani akadali m'nyumba yomweyo. Kuntchito amapita, moni amayankha. Koma ife oyandikana naye timadziwa nthawi yake. Anthu akangotha kuyenda mumsewu timamva geti likutsegulidwa mbali zonse ziwiri. Amaima pamenepo, n'kunena kuti ndine Pemphani, mwamuna wanu, mayi a Thoko bwerani. Kenaka amayamba mitsinje, tsopano m'ndondomeko yake yoyenera, Dwangwa poyamba, Bua, Kaombe, mmodzimmodzi, akudikira pakati kuti woyenda pansi afike. Akatchula Lilongwe amakhala chete nthawi yaitali, kumvetsera. Poyamba timazimitsa mawailesi, nafenso kumvetsera, mitima ili m'mwamba. Pano papita miyezi isanu ndi iwiri. Ana athu anaiphunzira mitsinje ija pamtima osafuna, ndipo timawamenya akamaiimba posewera. Palibe chomwe chinabwerapo, ngakhale galu. Amadikira mpaka miyendo itatopa, n'kulowa, geti n'kulisiya chotsegula.